Mizere Imene Ndinatseka pa Dampu ya ku Banket

Ndinachoka kwathu, kumapiri a Dedza, chifukwa cha mizere. Anthu akandifunsa ndimayankha kuti ndinapita ku Halale kukafuna ntchito monga ankachitira amuna ambiri m'masiku a Chitaganya, koma zoona zake n'zakuti ndinathawa manyazi. M'zaka zimenezo boma linkakakamiza aliyense kulima mizere yopingasa phiri ndi kuitseka ndi ngonyeka, timizere tating'ono tolumikiza mzere wina ndi unzake kuti madzi a mvula asathamange koma aime ndi kulowa pansi. Anthu ankadana nalo lamuloli chifukwa linkabwera ndi ukali ndi milandu. Ine ndinali nditaphunzirako pang'ono kusukulu ya mishoni, choncho alangizi a zaulimi ananditenga kuti ndiziwathandiza kuyeza minda ndi chingwe ndi zikhomo. Ntchitoyo ndinaiphunzira ndi mtima wonse, ndipo ndivomereze kuti ndinaikonda. Ndinkasangalala kuona madzi atagwidwa m'ngonyeka, akulowa m'nthaka pang'onopang'ono m'malo mokokolola munda. Koma tsiku lina amalume anga anatengedwa kupita kubwalo la milandu chifukwa chosatseka mizere yawo, ndipo mudzi wonse unati amene anawaneneza ndine. Sindinawaneneze. Komabe kuyambira pamenepo, ndikakhala pansi pamaliro, amuna anzanga ankasuntha.

Sindinafune kuyenda ndekha. Ndinanyengerera mlamu wanga Jailosi, mwamuna wa mlongo wanga Elube, kuti tipite limodzi. Jailosi anali mkamwini pamudzi pathu, munthu wamfupi, wanthabwala, wosatha kukhala chete. Ndiye yekha amene sanasiye kudya nane mbale imodzi pamene ena onse ankandisala. Anali ndi ana aakazi awiri, wamkulu dzina lake Rute.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, Elube anatiperekeza mpaka pamtsinje, mwana wamng'ono ali kumsana.

"Achimwene, inu ndinu mwini mbumba," anatero. "Mukuchoka, ndipo mukutenganso mwamuna wa pakhomo panga. Ana awa mukuwasiyira yani?"

"Zaka ziwiri zokha, mlongo wanga."

"Onse amatero. Matchona onse amene anasowera ku Halale anachoka ndi zaka ziwiri pakamwa."

Jailosi anaseka. "Usadandaule, make Rute. Alamu angawa ndi ophunzira. Tikasochera, adzawerenga njira pamakungwa a mitengo."

Elube sanaseke. Anandiyang'ana ine, osati mwamuna wake. "Mwam'tenga ndinu. Mudzabwere naye ndinu."

Za ulendo sindikumbukira zambiri: kutentha kwa ku Tete, mapazi otupa, kuwoloka Zambezi titadzazana ngati mbuzi, ndi lole imene inatitula pamphambano ina kutali ndi madzi. Kenaka tinalembedwa ntchito papulazi ya fodya kufupi ndi katauni ka Banket. Tinapeza anthu akwathu ambiri, ena a ku Ntcheu, ena a ku Kasungu, komanso anthu a ku Tete, ndipo m'komboni, momwe tinkagona antchito, Chinyanja chinkamveka kuposa Chishona. Lamulungu tinkapemphera pansi pa mtengo wa mkuyu. Jailosi ndiye ankatsogolera nyimbo, ndipo ankayamba pamwamba kwambiri moti amayi ankafika pakati pa nyimbo akutsokomola ndi kuseka.

Komboniyo inamangidwa m'munsi mwa chinthu chimene aliyense ankachitcha dampu. Kale pamalopo panali mgodi wa golide umene eni ake anausiya. Makina a mgodiwo ankayendera malasha, ndipo kwa zaka zambiri phulusa la malasha, makala osapsa, ndi mchenga wa miyala yoperedwa zinkatayidwa pamalo amodzi mpaka zinasanduka phiri. Mzungu wa pulaziyo nayenso ankatayira pomwepo phulusa lochokera m'mabalani owotchera fodya. Linali phiri lakuda ndi lotuwa, lotalika kuposa mitengo yonse ya pamenepo, lopanda ngakhale udzu umodzi. M'chilimwe linkatipatsa fumbi lolowa m'maso ndi m'zakudya. M'dzinja linkatsitsa matope akuda amene ankadutsa pakati pa nyumba zathu ndi kukathera m'damu limene bwana ankathiririra nazale za fodya. Matope a m'nyumba zathu sanam'vutitse bwanayo. Chimene chinkamusowetsa mtendere chinali damu lake, limene linkakwiririka chaka ndi chaka.

Tsiku lina m'chaka chathu chachiwiri, pamene masiku obwerera kwathu anali atayandikira, bwana anatiimika pamzere ndi kufunsa kudzera mwa kapitawo wamkulu ngati panali wina wodziwa kugwira madzi paphiri. Amene anakweza dzanja ndi Jailosi.

"Alipo! Alamu angawa ndi sing'anga wa mizere. Kwathu anawathamangitsa chifukwa choidziwa mopitirira."

Anthu anaseka, ndipo ine ndinam'ponda phazi. Koma mumtima ndinakondwera. Ntchito imene inandichititsa manyazi kwathu inali kudzandipatsa ulemu kuchilendo.

Anandipatsa amuna khumi, makasu ndi mafosholo. Tinayamba m'mwezi wotentha, mvula isanagwe. Phulusalo linkawotcha mapazi, moti tinkamanga masaka kumapazi ngati nsapato. Ndinayeza mizere ndi chingwe monga ndinaphunzirira, yopingasa bwinobwino kuchokera pamwamba mpaka pansi, ndipo pakati pa mizere ndinaika ngonyeka zanga, chilichonse pamalo pake. Munthu akaima patali, dampu inkaoneka ngati chisa cha njuchi. Amuna a Chishona odutsa pamsewu ankaima ndi kufunsa ngati anthu a ku Nyasalande ayamba kubzala chimanga m'phulusa.

Pagulu lathu panali nkhalamba ina ya ku Tete, a Zuze, amene anagwirapo ntchito mumgodiwo usanatsekedwe. Tonse tinkawatcha sekuru monga amachitira Ashona poitana munthu wamkulu. Anali ndi chifuwa cha mumgodi, ndipo ankayankhula mawu ochepa. Tsiku lachitatu anayedzamira khasu lawo ndi kundiitana.

"Iwe mwana wa ku Nyasalande, timakola iti ukumangati n'ta chiyani?"

"N'togwira madzi, sekuru. Madzi akaima amalowa pansi, sakokolola."

"Alowe pansi kuti akapeze chiyani?"

"Umo ndi mmene timachitira kwathu. Ndinaphunzira kwa alangizi a boma."

A Zuze anatsokomola nthawi yaitali, kenaka anati: "Phiri la kwanu analiumba Mulungu, lili ndi mafupa m'kati. Ili tinaunjika ndife ndi mawilibala, ine ndinalipo. M'kati mwake mulibe chogwira. Munda ukamwa madzi umakhuta. Dampu ikamwa madzi imaledzera, ndipo woledzera saima. Madzi apa uwapatse njira achoke, usawasunge."

Ndinawayankha mwaulemu, koma m'kati ndinawanyoza. Ndinaganiza kuti munthu wosadziwa kulemba dzina lake sangandiphunzitse ntchito ya chingwe ndi zikhomo. Jailosi, amene anamva zonse, anandikoka pambali.

"Alamu, mdalayu wakhala ndi dampu imeneyi kuposa mmene inu mwakhalira ndi ndevu. Bwanji osam'mverako?"

"Kodi si ndiwe unanena kuti ndine sing'anga?"

"Ndinanena, koma ngakhale sing'anga amafunsa njira ya kumsika."

Sindinamvere. Mvula yoyamba itagwa, zonse zinaoneka ngati zandivomereza. Madzi anaima m'ngonyeka, akunyezimira padzuwa, ndipo m'komboni simunadutse matope. Bwana anabwera pakavalo, nayang'ana damu lake, nati, "Mushe sitereki," kutanthauza kuti zinali bwino kwambiri. Anandipatsa jekete la khaki ndi kundiika kukhala kapitawo wa dampu. Kwa mlungu wathunthu Jailosi ankandichitira sawasha paliponse pamene takumana, ngakhale pakhomo la chimbudzi. Ndinalembera Elube kuti tiwonjezera chaka chimodzi chifukwa zinthu zayamba kuyenda, ndipo tinam'tumizira nsalu ndi bulangete.

Pakati pa dzinja kunabwera mvumbi. Mvula inagwa masiku asanu ndi limodzi osalekeza, yosakalipa, yongonyowetsa. Ngonyeka zonse zinadzaza, ndipo madzi ankati akalowa pansi, ena ankadzazanso. Tsiku lachisanu masana a Zuze anandipeza pabalani ndi kundiuza kuti ndiwatsate. Anandionetsa m'munsi mwa dampu, momwe madzi akuda ankatuluka m'phulusa ngati thukuta. Kenaka tinakwera pamwamba, ndipo anandionetsa mng'alu wautali, wopyapyala ngati chala.

"Gumula timakola tako lero," anatero. "Yamba pamwamba, m'mbali, madzi atuluke pang'onopang'ono. Mawa kudzakhala kutada."

Ndinawauza kuti bwana wapita kutauni ndipo sindingagumule ntchito yake iye asanalamule. Chimenecho chinali chifukwa cha pakamwa. Chifukwa chenicheni chinali chakuti sindinafune kuti amuna amene ankanditcha kapitawo andione ndikuphwasula ndi manja anga chimene ndinawalamula kumanga. Ndinati tidikire tsiku limodzi, mwina mvula ikata.

A Zuze sananditsutse. Anatsika ndi kukauza amayi a nyumba zoyandikana ndi dampu kuti asamutse ana ndi katundu. Chifukwa cha iwo, tsiku lotsatira m'nyumbazo munalibe munthu.

M'mawa mwake mng'alu uja unali woti mkono n'kulowa mpaka m'phewa. Pamenepo mantha anandigwira, ndipo ndinaitana amuna anga kuti tikagumule ngonyeka. Palibe anasuntha. Wina wa ku Kasungu anati, "Akapitawo, jekete munavala nokha, kwerani nokha." A Zuze anati nthawi yokwera inali dzulo, lero aliyense akhale pansi. Ine ndinaima pamenepo ndi khasu m'manja, mvula ikundiyenderera m'khosi, anthu onse akundiyang'ana.

Jailosi anatola khasu lake.

"Alamu, mukachita manyazi inu, ndachita manyazi ndine. Tiyeni. Inu yambani pamwamba, ine ndiyamba pakati, tikumana. Koma mukadzafika kwathu musadzanene kuti munagwira nokha."

"Bwerera, Jailosi!" a Zuze anakuwa. "Usaponde pakatipo!"

Iye anatembenuka, nawagwedezera dzanja. "Sekuru, ine ndine wopepuka, dampu siindimva n'komwe."

Ndinakwera cha m'mbali mpaka pamwamba. Ndinali nditagumula ngonyeka zitatu zokha pamene ndinamva pansi pakunjenjemera. Panalibe phokoso lalikulu poyamba, koma kulira kwapansipansi ngati ng'ombe yodwala. Kenaka mbali yonse ya phirilo, kuyambira pamng'alu uja, inangochoka patsogolo panga ndi kutsetsereka, mizere yanga ili pamwamba pake, yosaphwasuka, ngati mphasa ikukokedwa. Ndinamuona Jailosi ataima pakati pake, atatambasula manja kuti asagwe. Kenaka phulusa linapindika ndi kum'phimba. Nyumba zinayi zinakwiririka mpaka kudenga. Ine ndinatsala pamwamba, phazi limodzi lili m'mphepete mwa phompho, wopanda ngakhale bala.

Tinakumba masiku atatu, amuna ndi akazi, a kwathu, a ku Tete ndi Ashona omwe. Tikachotsa fosholo imodzi, dampu inkabweza ziwiri. Tsiku lachitatu chigumukire china chinatsika ndipo chinatsala pang'ono kutenga amuna awiri. Bwana, amene anali atabwerako kutauni, analamula kuti kukumba kuthe. Kapitawo wamkulu anatimasulira mawu ake akuyang'ana pansi: munthuyo wapita, kukumba kupha ena, ndipo fodya wapsa m'munda, sadikira maliro. Mkulu wa mpingo anaima m'munsi mwa matopewo ndi kupemphera. Tinayesa kuyimba, koma panalibe woyambitsa nyimbo, ndipo tinaimaliza mosokonekera.

Bwana atafunsa chimene chinachitika, aliyense anati ndi mvula. A Zuze sanatchule za chenjezo lawo. Ine ndinavomereza kuti ndi mvula.

Mawu omwewo ndinalembera Elube. Ndinati Jailosi wafa pangozi ya mvula ali pantchito, sanavutike, ndipo tam'ika m'manda mwaulemu monga Mkhristu. Ndinalemba ndi dzanja langa, m'zilembo zokongola zimene ndinaphunzira kumishoni. Patapita miyezi iwiri yankho linafika, lolembedwa ndi mphunzitsi wa kwathu m'malo mwake. Linati: "Zikomo achimwene chifukwa munalipo kum'tseka maso ndi kum'sambitsa. Mtima wanga wakhala pansi podziwa kuti sanaikidwe ndi alendo." Kalatayo ndinaiwerenga kamodzi kokha.

Bwana anasamutsa komboni ndi kuzunguliza dampu ndi waya, ndipo kwa iye nkhani inathera pomwepo. Ine ndinabwerera kumabalani. Ndinasiya kudya ndi anzanga, ndinasiya kupita pansi pa mkuyu. Lamulungu lina masana, mvula itatha, a Zuze anandipeza nditakhala pafupi ndi wayayo.

"Sekuru, bwanji simunanene kwa bwana kuti munandichenjeza?"

"Ndikananena, mlamu wako akanatuluka?"



"Tamvera," a Zuze anapitiriza. "Dampu iyi yang'ambika, ndipo bala lake lili poyera. Mvula ya chaka chamawa ikaipeza chonchi, idzakumba ngalande pakati pomwepa, idzam'fukula mlamu wako ndi kum'mwaza m'damu la mzungu, fupa uku fupa uko. Ukufuna zimenezo?"

"Ayi."

"Ndiye leka kukhala ngati nkhuku yonyowa. Katenge khasu. Koma ulendo uno chingwe chako usiye kunyumba."

Umo ndi mmene inayambira ntchito imene inandidya zaka zambiri. Palibe anatituma, palibe anatilipira. Tinkalowera pansi pa waya ndi kugwira Lamulungu anthu akatuluka m'mapemphero ndiponso madzulo dzuwa lisanalowe, ine ndi nkhalambayo, iwo akuloza ndi ndodo, ine ndikukumba. Choyamba tinadula mutu wa dampu pamene panali potsetsereka kwambiri, ndi kutsitsira phulusalo m'munsi kuti phiri ligone m'malo moima. Kenaka tinakumba ngalande pamwamba, yotsetsereka pang'ono, yopita m'mbali, ndi kuiyala miyala kuti madzi a mvula atuluke asanalowe m'phulusa. M'munsi, pamene tinkaganiza kuti ndi pomwe Jailosi anagona, tinamanga khoma la miyala yopanda dothi pakati, kuti madzi a m'kati azidutsa koma phulusa lizitsala. Mwala uliwonse ndinausenza pamutu kuchokera kumtsinje.

Udzu ndiwo unatisautsa. Kapinga woyamba amene tinabzala anapsa m'milungu iwiri, chifukwa phulusa la malasha limawotcha mizu. A Zuze anati tiyambe tapatsa phirilo khungu. Tinayamba kututa dothi la pachulu ndi ndowe za m'khola la ng'ombe, dengu ndi dengu, ndi kuyala paphulusa. Tinakhoma zikhomo za mitengo yophuka, ndi kuluka nthambi pakati pake kuti dothilo lisatsetsereke. M'mizere ya zikhomozo tinabzala khonje ndi nsenjere, ndipo pakati tinabwezeramo kapinga. Chaka choyamba theka linakokoloka. Chaka chachiwiri mbuzi za m'komboni zinadya nsenjere zonse, ndipo ndinalira ngati mwana. A Zuze anaseka mpaka chifuwa chinawagwira.

"Ukulira chiyani? Mbuzi ikadya, ndiye kuti pamera chakudya. Kale pano mbuzi inkabwera kudzatani?"

Pang'onopang'ono ena anayamba kubwera. Woyamba anali wa ku Kasungu uja amene anandiuza kuti ndikwere ndekha. Anafika ndi dengu la ndowe, nalitula, nati, "Musaganize kuti ndabwerera inu. Ndabwerera woyimba uja." Amayi a mumpingo ankabweretsa mbewu za udzu m'mipango yawo. Palibe amene ananditchulanso kapitawo, ndipo palibe amene ananena poyera chimene onse ankachidziwa.

A Zuze anamwalira m'chaka chachinayi cha ntchitoyo, chifuwa chija chitawagonjetsa. Iwo tinawasambitsa, tinawakumbira manda enieni, tinawaika mutu koyenera. Ndili m'dzenjemo ndikulandira thupi lawo, ndinazindikira kuti ndikuchitira munthu wa ku Tete zimene ndinanama kuti ndinachitira mlamu wanga.

Makalata a Elube ankabwera kamodzi pachaka, kenaka anasiya. Ine ndinkatumiza kangachepe ndikapeza wopita kwathu, koma mawu sindinkawonjezera. Chitaganya chinatha, anthu ambiri akwathu ananyamuka kubwerera, ine ndinatsala. Ndinkadziuza kuti ndikudikira kuti udzu ugwire. Dzinja lina kunabweranso mvumbi wa masiku ambiri, ndipo ndinaima m'munsi mwa khoma lija ndikuyang'ana. Madzi ankatsika m'ngalande za miyala ali oyera, phiri lili chiimire, lobiriwira mpaka pamwamba, nkhanga zikuthamanga m'nsenjere. Pamenepo ndinadziwa kuti chifukwa chokhalira chatha, ndipo chimene chatsala ndi mantha okha.

Ndinafika kwathu m'nyengo yokolola, ndili ndi imvi m'mbali mwa mutu. Mayi anali atamwalira, amalume aja nawonso. Rute anali atakwatiwa, ali ndi mwana kumsana, ndipo anandipatsa moni wogwada ngati mlendo mpaka wina anamuuza kuti ndine malume ake. Elube anali atakwatiwanso ndi mmisiri wa matabwa wochokera kutsidya kwa mtsinje, munthu wofatsa, ndipo anali atabereka naye ana atatu. Atandiona anataya lichero, nandigwira m'manja onse awiri, akulira ndi kuseka nthawi imodzi.

"Achimwene! Tinkati mwasanduka mtchona. Taonani mmene mwaondera, kodi ku Halale kulibe chakudya?"

Anandiphera nkhuku. Mwamuna wake anandipatsa mpando umene anapanga yekha. Kwa masiku awiri ndinali mlendo wolemekezeka pakhomo limene ndinalilanda mwini wake.

Tsiku lachitatu masana tinakhala awiri pakhonde, iye akusenda mtedza. Kuseri kwa nyumba mwamuna wake ankapala thabwa, ndipo phokoso lake linkamveka bwino. Elube anatsitsa mawu.

"Achimwene, pamaso pa bambo awa sindifunsa, si ulemu. Koma tandiuzani. Manda a bambo a Rute ali pamalo otani? Pali mthunzi? Munabzalapo mtengo? Rute amandifunsa, ine ndimangoti ali pabwino."

Ndikanatha kunena kuti pali mthunzi, ndipo sikukanakhala kunama kwenikweni. Koma ndinayang'ana manja ake akusenda mtedzawo, manja okalamba kuposa zaka zake, ndipo ndinayamba kuyankhula. Ndinamuuza za dampu, za ngonyeka, za chenjezo la a Zuze, za tsiku limodzi limene ndinadikira chifukwa cha jekete la khaki. Ndinamuuza kuti Jailosi anakwera phirilo kuti ine ndisachite manyazi. Ndinamuuza kuti sitinam'peze, sitinam'sambitse, sindinam'tseke maso, ndipo agona pansi pa phulusa la malasha ndi zovala zake za kuntchito. Ndinamuuzanso za khoma, za udzu ndi za zaka zonse zija, ndipo ndikuyankhula ndinamva ndekha kuti mbali imeneyi ndikuinena ngati munthu wopempha kuti amuchepetsere mlandu.

Elube sanasiye kusenda mpaka ndinamaliza. Kenaka anafunsa funso limodzi.

"Anaitana munthu?"

"Anaitana."

"Anaitana yani?"

"Anati, alamu. Kawiri."

Anaika lichero pansi mosamala, nasonkhanitsa makoko a mtedza ndi dzanja, ngati kuti ntchito imeneyo ndiyo inali yofunika koposa. Atayankhula, mawu ake anali otsika kuti asamveke kuseri kwa nyumba.

"Udzu wanuwo ndaumva. Mwagwira ntchito. Koma mukanandiuza chaka chomwecho, ndikanalira kamodzi, pamodzi ndi abale ake, tikanameta, zikanatha. Lero mwandibweretsera maliro achiwiri ndili pabanja la munthu wina. Ndikalire kuti? Ndiwauze chiyani bambo awa akandipeza ndikulira mwamuna amene anafa kalekale?"

Anaimirira, nalowa m'nyumba, natuluka ndi mtsuko wodzaza madzi amene anatunga m'mawa womwewo. Anawakhuthulira pansi pa nthochi, onse, nasenza mtsukowo wopanda kanthu.

Mwamuna wake anasuzumira pangodya ya nyumba, thabwa lili m'manja. "Kodi madzi atha kale, mayi?"

"Atha," anatero Elube, osatembenuka.

Anatsika njira ya kudambo yekha, akuyenda mowongoka. Mmisiri uja anabwerera kuntchito yake, ndipo phokoso la kupala linayambanso. Ine ndinakhala pakhondepo. Patapita nthawi, kuchokera kutali m'mabango, ndinamva mawu a mlongo wanga akulira maliro, akutchula dzina la Jailosi, pamalo pamene panalibe womuthandiza kulira.